Akasinja a pa tepi yachikasu: mbiri ya gemu yomwe tinkaitcha Tanki

Loweruka masana, amalume akangokwera njinga kulowera kumsika wa pa boma la Petauke, ine ndi msuweni wanga tinkavundukula kansalu koluka komwe akazi awo ankaphimbira TV. Tinkazula waya wa eriyo, n'kulumikiza kamakina kakuda kapulasitiki, kopepuka ngati chigubu chopanda madzi. Tepi yake inali yachikasu. Ikakana kuwonetsa, tinkaizula, kuiuzira mpweya kunsi kwake, n'kuibwezera mokankha ndi chikhatho. Pachikuto pake analembapo kuti muli magemu masauzande, koma onse tinkadziwa kuti ndi omweomwewo ochepa, ongosinthidwa mayina. Mario analimo, Contra analimo, ya abakha yowombera ndi kamfuti kapulasitiki inalimonso. Ife tinkadutsa zonsezo n'kukaima pa imodzi: Tanki.

Dzina lake lenileni ndi Battle City, ndipo ndinalidziwa ndili kale ndi ndevu. Inapangidwa ndi Namco, kampani ya ku Japan yomwe Masaya Nakamura anayambitsa mu 1955, yomwenso inapatsa dziko Pac-Man mu 1980. M'chaka chomwecho cha 1980 Namco inatulutsa Tank Battalion, gemu ya m'makina akuluakulu oponyamo makobidi, momwe kasinja mmodzi ankateteza malo ake. Nintendo itatulutsa Famicom mu Julaye 1983, kamakina kolumikiza pa TV ya kunyumba, Namco inaukitsa ganizo lija, ndipo mu Seputembala 1985 Battle City inatuluka. Inali ndi mabwalo 35, mwayi wosewera awiri nthawi imodzi, komanso malo otchedwa Construction oti munthu adzimangire bwalo lake.

Chomwe chimandikhudza mumbiri imeneyi n'choti tepi yake sinagulitsidwe mwalamulo pa NES, mtundu wa Famicom womwe unapita ku America ndi ku Ulaya. Mwana wa ku New York yemwe makolo ake ankagula zenizeni m'sitolo sanaipeze pashelefu. Amene anaiyendetsa padziko ndi mafakitale a ku Taiwan ndi ku China omwe ankakopera makina a Nintendo n'kumagulitsa motchipa. Ku Russia makinawo anadziwika ndi dzina loti Dendy kuyambira mu 1992, ku Poland anali Pegasus, ku South Africa ambiri amakumbukira Golden China. Athu anali olembedwa Terminator. Motero gemu yomwe olemba mbiri za magemu kumaiko olemera amangoitchula modutsa, kwa mwana wa ku Moscow, wa ku Soweto ndi wa ku Petauke inali chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Kuno inabwera ndi mphepo ya malonda. Boma la MMD litalowa mu 1991 ndi Frederick Chiluba, zitseko za katundu wakunja zinatseguka, ndipo masitolo a ku Kamwala mu Lusaka anadzaza ndi mawailesi, mawotchi, matochi ndi timakina timeneti. Kathu amalume anagula konko atagulitsa thonje. Kanayenda pa Great East Road m'chikwama cha zovala, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kukwera mapiri a ku Kacholola, kuima pa Nyimba pomwe amayi amathamangira basi ndi mikoko ya nthochi pamutu, kenaka n'kufika kwathu usiku. Azibale athu a kumudzi, kumene mawaya a ZESCO sanafike, ankaonera TV pa batire ya galimoto, ndipo patchuthi mkangano unali woti batire itheredwe ndi nkhani za pa ZNBC kapena ndi akasinja athu. Akuluakulu ankanenanso motsimikiza kuti gemu imawononga TV, n'chifukwa chake tinkadikira kaye njinga ya amalume izimiririke.

Kaseweredwe kake mwana wa giredi wanu amakamva nthawi yomweyo. Kunsi kwa sikirini, pakatikati, pali mbalame yotambasula mapiko yozingidwa ndi mpanda wa njerwa. Eni ake amati ndi chiwombankhanga, koma ife tinkati nkhwazi, poti ndi yomwe tinkaiona pa mbendera ya dziko m'mawa uliwonse kusukulu. Adani 20 amatulukira m'malo atatu kumtunda, ena othamanga, ena a zipolopolo zaliwiro, ena olimba ofuna kuwomberedwa kanayi. Ukawatha onse wapambana bwalolo. Koma chipolopolo chimodzi chokha chikakhudza nkhwazi, gemu yatha basi, ngakhale utakhala ndi miyoyo ingati m'thumba.

Lamulo limenelo ndiye mtima wa Battle City, ndipo ndi chifukwa chake ndimaiika pamwamba pa Contra yotchukayo. Mu Contra umangothamangira kutsogolo uku ukuwombera. Mu Tanki ukatengeka ndi kusaka, pakhomo pakupsa. Sewero la awiri linkafuna kugawana ntchito ngati kumunda nthawi ya anyani: wina alondere, wina apitikitse. Msuweni wanga, pokhala wamkulu, ankatenga kasinja wachikasu n'kukwera kumtunda kukatsekereza adani potulukira. Ine ndi wobiriwira ndinkatsala pafupi ndi mpanda. Mdani wothwanima mofiira akaphedwa pankatuluka mphatso, ndipo mawu ankamveka mpaka kukhitchini: "Iwe, tenga fosholo! Fosholo, msanga!" Fosholo inkasandutsa njerwa za mpanda kukhala chitsulo kwa kanthawi. Wotchi inkaumitsa adani onse, bomba linkawaphulitsa, chisoti chinkakuteteza, ndipo nyenyezi zitatu zinkapatsa mzinga wako mphamvu yoboola ngakhale chitsulo. Nyenyezi ndiye tinkakanganirana, moti nthawi zina tinkagona osalankhulana.

Tsiku lina, titafika patali kuposa kale lonse, kasinja wothamanga anazembera m'mitengo n'kutulukira pambali pa mpanda. Ndinatembenuka mwaphuma, ndinawombera kawiri. Mdani anali atadutsa kale. Chipolopolo choyamba chinagumula njerwa, chachiwiri chinapha nkhwazi yathu yomwe. Opanga gemuyi sanaitchinjirize mbalameyo kwa mwini wake, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho, pakuti m'manja mwa mlonda munalidi udindo. Malemba ofiira a GAME OVER anakwera pang'onopang'ono kuchokera kunsi. Msuweni wanga anangoika padi pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Msuweni, nyumba waotcha wekha." Ndinalira zenizeni.

Pambuyo pake ndinazindikiranso kuti yomwe tinkasewera kawirikawiri sinali ya Namco yeniyeni. Pa sikirini pankalembedwa Tank 1990, yomwe ndi Battle City yokonzedwanso ndi a Yanshan Software a ku China. Iwo anawonjezera mabwalo, anaikamo bwato lowolokera madzi, ndipo m'mitundu ina analola kuti adani nawonso azitola mphatso. Mdani akatola bomba, wophulika unali iwe. Namco nayo inapitiriza mzerewu ndi Tank Force mu 1991, koma imeneyo sindinaionepo kwathu.

Timakinati sitinkakhalitsa. Adaputa inkatentha mpaka kununkha, mawaya a mapadi ankaduka n'kulumikizidwa ndi selotepi, mabatani ankalowa osatulukanso. PlayStation 2 itatuluka mu 2000 n'kufika m'tizipinda ta magemu ta m'misika patapita zaka zingapo, anyamata anasamukira ku mpira ndi Mortal Kombat, kulipira kuti asewere mphindi zowerengeka. Kenaka mafoni anamaliza zonse.

Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, ndinaipeza Tanki pa foni n'kumasewera mumdima. Kanyimbo koyambira bwalo ndi komwe kaja, njerwa zimagumuka chimodzimodzi. Koma pandekha sindipitirira mabwalo angapo: ndikakwera kumtunda, kumbuyo kulibe mlonda, ndikatsala pampanda, adani amandiunjikira. Ndinamuimbira msuweni wanga, yemwe tsopano amalima ndi kugulitsa nthochi ku Nyimba, n'kumuikira kanyimbo kaja pafoni. Anakhala chete pang'ono, kenaka anandifunsa ngati makina a mapadi awiri akupezekabe ku Kamwala. Ndinamulonjeza kuti ndikafufuza ndisanakwere basi ya Khirisimasi.