UFULU WA MKHRISTU NDI MAGAZI A ALIMI A KU GERMANY

M'chaka cha 1520 Martin Luther, wansembe ndiponso mphunzitsi wa ku Wittenberg, analemba kabuku konena za ufulu wa Mkhristu, nakatumiza kwa Papa Leo X pamodzi ndi kalata. M'kabukumo munali mfundo ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Yoyamba inali yakuti wokhulupirira Khristu ndi mfulu, ndipo chipulumutso chake sichili m'manja mwa munthu aliyense. Yachiwiri inali yakuti mfulu yemweyo amadzimangirira kutumikira mnzake chifukwa cha chikondi. Kwa Luther ziwirizi sizinali zolekanitsa.

Koma mau akatuluka m'kamwa sayembekeza mwini wake. Masiku amenewo alimi ambiri a ku Germany anali ngati akapolo a eni minda. Ankalimira mabwana popanda malipiro, ankakhoma misonkho yambiri, ndipo m'madera ambiri ankaletsedwa kusaka nyama, kugwira nsomba ngakhale kudula nkhuni m'nkhalango. Anthu otere atamva kuti Mkhristu ndi mfulu, anafunsa kuti: nanga ife?

Mu Malichi 1525 atsogoleri a alimi anasonkhana mu mzinda wa Memmingen nagwirizana pa madandaulo 12. Anapempha kuti mpingo uzisankha wokha mbusa wake, ndi kuti ukapolo uthe popeza Khristu anaombola anthu onse mofanana. Poyamba Luther anadzudzula mbali zonse ziwiri. Akalonga anawauza kuti nkhanza zao ndizo zinautsa mkwiyowo, ndipo alimi anawauza kuti akusandutsa ufulu wa mzimu kukhala nkhani ya minda ndi misonkho.

Pa 16 Epulo, tsiku la Pasaka, alimi anapha nduna Ludwig von Helfenstein ndi anzake ku Weinsberg. Chipwirikiti chitakula, Luther analemba kabuku kena mu Meyi, kolimbikitsa akalonga kuti akanthe oukirawo popanda chifundo. Pa 15 Meyi, ku Frankenhausen, alimi oposa 5,000 otsatira mlaliki Thomas Müntzer anaphedwa tsiku limodzi, ndipo pa 27 Meyi Müntzer anadulidwa mutu. Olemba mbiri amati nkhondo yonseyo inapha anthu pafupifupi 100,000.

Kodi tsono ndani analakwa? Alimi amene anapha ku Weinsberg anagwira mfundo yoyamba, naiwala yachiwiri. Akalonga, amenenso anali Akhristu obatizidwa, sanaone kuti mlimi ndiye mnzao wofunika kumtumikira. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Luther ndiye anaphunzitsa kuti mfulu ali ndi ngongole ya chikondi kwa mnzake, ndipo pamene anzakewo anali pansi pa lupanga, cholembera chake chinaima ndi lupangalo.

Ife amene timaphunzira kulemba pano tiyenera kuikumbukira mbiri imeneyi. Wophunzitsa anthu kuti ndi mfulu amasenza udindo pa iwo amene amukhulupirira, ngakhale atamumva mosiyana ndi m'mene iye anafunira.