Wamalonda Amene Anamanga Linga Lochinga Nyanja

Lero ndifuna kuti tipite kutali, ku dziko la Japan, tikaone kamudzi ka asodzi ndi alimi kochedwa Hiro, kamene tsopano kali m'tauni ya Hirogawa, m'cigawo ca Wakayama. Ife kuno tiribe nyanja ya mcere, koma yense amene ali ndi kasitolo, kapena bwato ndi ukonde, adzatolapo kanthu pa mbiri imeneyi.

M'mudzimo munabadwa munthu dzina lake Hamaguchi Goryo m'caka ca 1820. Banja lao linali la amalonda. Iwo anali kupanga msuzi wa soya, umene anthu a ku Japan amathira m'ndiwo, ndipo nchitoyo anali kuicita ku Choshi, mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, kutali ndithu ndi Hiro. Hamaguchi atakula analowa m'malo mwa makolo ake poyendetsa malondawo, koma sanaleke kubwera kwao.

Pa 23 December 1854, iye ali ku Hiro, dziko linagwedezeka. M'mawa mwake, pa 24 December, dzuwa litapendeka, kunadza cibvomezi cina coopsa koposa. Tsono cibvomezi cikacitika pansi pa nyanja cimatukula madzi, ndipo madziwo amathamangira kumtunda ngati khoma. A ku Japan amachula mafunde otere kuti tsunami. Mafundewo analowa m'mudzi kangapo, nakokolola nyumba, mabwato ndi minda. Hamaguchi mwini anatengedwa ndi madzi, koma anapulumuka nafika pamalo okwera.

Mdima utagwa, anthu ena anali cisokerere m'matope, osadziwa kumene kuli mtunda. Pamenepo Hamaguchi anatsikanso ndi anyamata, nayatsa milu ya mapesi a mpunga imene inali m'mbali mwa njira. Anthu poona moto anaulondola, nafika ku kacisi wa Hachiman amene ali pokwera. Ambiri anapulumuka motero. Mzungu wina wolemba mabuku, Lafcadio Hearn, anasimba nkhaniyi m'caka ca 1897, koma anaisintha: kwa iye woyatsa moto ndi nkhalamba imene inaona nyanja irikuphwa. Zoona zake nzakuti Hamaguchi anali ndi zaka 34 cabe, ndipo anayatsa motowo madzi atalowa kale.

Anthu ambiri amalekera nkhani pomwepa, pa moto. Koma ine ndiganiza kuti cacikulu ndi cimene cinacitika kutaca. Taganizani msodzi amene wapulumuka ndi moyo wake, koma bwato lasweka, ukonde wapita, nyumba palibe. Mlimi naye munda wake wadzala mcenga ndi madzi a mcere. Wogulitsa zinthu adzagulitsa kwa yani, popeza onse alibe ndalama? Anthu anayamba kunena zocoka, kukafuna moyo kwina. Mudzi umene madzi analephera kuutha unali pafupi kutha ndi umphawi.

Hamaguchi anayamba ndi mimba: anafuna mpunga nadyetsa anthu. Pambuyo pake anamangitsa nyumba, napatsa alimi zolimira ndi asodzi zipangizo zao, kuti yense abwerere ku nchito imene aidziwa. Ndipo m'caka ca 1855 anayambitsa nchito yaikulu, yomanga linga la dothi pakati pa mudzi ndi nyanja. Sanaitane amisiri a kutali ai. Analemba anthu a m'mudzi momwemo, amuna ndi akazi, nawalipira tsiku ndi tsiku. Nyengo yolima ikafika nchito inali kuima, kuti minda isagonere. Motero linga limodzi linacita zinthu ziwiri: linachinjiriza mudzi ku mafunde a m'tsogolo, ndipo linaika ndalama m'manja mwa anthu pa nthawi imene anazisowa.

Nchitoyo inafika mpaka 1858. Lingalo linatalika mamita pafupifupi 600, msinkhu wake mamita 5, ndipo tsinde lake mamita 20 m'mimba mwake. Ca kunyanja anabzala mitengo ya paini kuti ifooketse madzi, nabzalanso mitengo ina imene zipatso zake zimaturutsa phula lopangira makandulo, cinthu cimene cikhoza kugulitsidwa.

Mwina mufunsa kuti, nanga ndalama zonsezi anazitenga kuti, popeza naye madzi anamlowera? Yankho lake ndi phunziro loyamba kwa wamalonda. Cuma ca banja lake sicinali pamalo amodzi. Hiro atamira, ku Choshi msuzi unali kupangidwabe ndi kugulitsidwa, ndipo ndalama za kumeneko ndizo zinamanganso kwao. Cikhala kuti mpamba wonse unali m'nyumba imodzi pagombe, iye akadakhala wopempha pamodzi ndi anzake.

Hamaguchi anamwalira m'caka ca 1885 ku New York, ali paulendo, osaona linga lake likuyesedwa. Ciyeso cinafika pa 21 December 1946, pamene cibvomezi cina cacikulu cinautsanso mafunde m'dera lomwelo. Panali patapita zaka 88 cimalizire nchito. Malo amene anali kunja kwa linga anaonongeka ndipo anthu anafa, koma pakati pa mudzi, kuseri kwa linga, panapulumuka. Malonda a banja lake alipobe mpaka lero ndi dzina lakuti Yamasa. Ndipo m'caka ca 2015 bungwe la United Nations linasankha 5 November kukhala tsiku lokumbutsa anthu onse za tsunami, cifukwa pa kawerengedwe kakale ka miyezi ku Japan, tsiku la moto uja linali lacisanu m'mwezi wa 11.

Tsono inu a masitolo ndi a mabwato, akulu anati tsoka silinunkha. Simuli olemera ngati Hamaguchi, koma mafunso amene iye anayankha ndi anu omwe. Madzi kapena moto zikadza usiku, ana anu ndi anchito anu adziwa kothawira kodi? Buku la ngongole, ndalama ndi katundu, zonse ziri m'cipinda cimodzi kodi, kapena zina mwasungitsa kwina? Ndipo tsokalo litapita, mudzayambanso ndi ciani, ndi yani? Kumbukirani kuti sitolo siimanso yokha. Imaima pamene ogula nao aimanso. Mutu umodzi susenza denga. Kambiranani zimenezi ndi anzanu nyanja ikali bata. Tsalani bwino.