Utsi wa galimoto ndi nzimbe za ku Dwangwa

Amene ndinakuphunzitsani sayansi kuno ku Chileka mukukumbukira tikuuzira mpweya m'madzi a laimu mpaka kuyera ngati mkaka. Mwana wina anandifunsa: bwanji osamangirira botolo lotere kumpope wa utsi wa minibasi?

Funso labwino, koma masamu ake ndi owawa. Lita imodzi ya petulo imatulutsa makilogalamu 2.3 a carbon dioxide, ndipo kuti agwidwe onse pafunika laimu wokwana pafupifupi makilogalamu 4. Kondakitala angalole matumba amenewo kulanda malo a anthu?

Malawi inadzera njira ina. Mu 1982 kampani ya Ethco inayamba kutcheza ethanol ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira popanga shuga, n'kumasakaniza ndi petulo. PressCane ya ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Tisanamizane, mu 1982 nkhawa siinali ya nyengo ayi. Mafuta anali atakwera mtengo mu 1979, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inkasokoneza njanji ya ku Beira.

Komabe mpweya umene ethanol amatulutsa poyaka ndi womwe nzimbe inayamwa ili m'munda. Laimu wanga uja amagwira wa m'botolo mokha.