Thangata ndi Unzika m'Sukulu za kwa Changata

Mwana wa m'dera la Mfumu Changata, m'boma la Thyolo, amakula akuona minda ya tiyi yotambalala mpaka polekeza maso, ndiponso kamunda ka makolo ake kopanikizika pamtsetse wa phiri. Akaloŵa m'kalasi, mphunzitsi amamuuza kuti iye ndi nzika, wofanana ndi munthu wina aliyense pamaso pa lamulo. Kuti timvetse kulemera kwa mawu ameneŵa m'makutu a mwanayo, tiyenera kubwerera kumbuyo.

Tiyi anayamba kudzalidwa ku Thyolo mu 1908. Ambiri mwa amene anaswa mphanje anali Alomwe ochokera ku Mozambique, othaŵa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Eni minda anaŵalola kumanga nyumba pamalo awo, koma lendi yake inali thangata: mwezi umodzi wogwirira malo, wina wogwirira msonkho wa boma, ndipo miyeziyo inkatalika monga momwe kapitao wafunira. Taonani kupotozedwa kwa mawu! Kuthangata pachikhalidwe chathu ndiko kuthandiza mnzako mwaufulu. Pamindapo kunasanduka goli. Sukulu za nthaŵiyo zinali m'manja mwa mamishoni, athu omwe, ndipo boma silinakhale ndi dipatimenti ya maphunziro kufikira mu 1926. Mwana ankaphunzira kuŵerenga, katekisimu ndi ulemu kwa Mfumu ya ku England, koma za unzika panalibe chophunzitsa, pakuti mwalamulo anthu a m'Nyasaland anali “otetezedwa” chabe.

Phunziro lenileni anthu anadzipatsa okha. Mu Ogasiti 1953, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda unabutsa chipolowe chimene chinafalikira m'maboma oyandikana, ndipo anthu 11 anafa. Malalanje anali poyambira chabe. Nkhani inali ya malo ndi Chitaganya. Thangata anathetsedwa mu 1962, ufulu n'kubwera pa 6 Julayi 1964.

Boma la Dr. H. Kamuzu Banda linaika phunziro la Civics patsogolo, koma mutu wake unali ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ife amene tinayamba sukulu m'zaka za m'ma 1980 tinkazitchula pamtima, Apayoniya akutigubitsa pabwalo. Palibe mwa ngodyazi imene ili yoipa payokha. Chosoŵa chinali chakuti zonse zinkanena za ngongole ya munthu kwa wolamulira, osatinso ngongole ya wolamulira kwa munthu. Kwa mdzukulu wa munthu wa thangata, kumvera sikunali phunziro lachilendo: agogo ake analidziŵa bwino kuposa mphunzitsi. Ndipo umboni wa unzika pachipata cha msika unali khadi la chipani.

Kalata ya Maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha mu 1994 zinasintha zonsezi. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Civics inaloŵa m'phunziro la Social Studies, ndipo mabuku okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi anayamba kukamba za ufulu wachibadwidwe, mavoti ndi udindo wa atsogoleri.

Komabe mphunzitsi wa kwa Changata ali ndi ntchito yovuta kuposa mnzake wa ku Lilongwe. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Kunena kwina, limakwirira thangata. Gawo 28 limateteza katundu wa munthu kuti asalandidwe mwachisawawa, ndipo chitetezo chimenecho chimafikanso pa minda ija imene inatengedwa m'zaka za m'ma 1890. Mawu akuti nzika ine amandimvekera ngati mbale wake wa kuzika: munthu wozikika, wokhala ndi mizu m'nthaka. Tsono mwana wa Sitandade 7 akakweza mkono nafunsa kuti iye adzalima pati, mphunzitsi woona mtima sangatseke buku n'kunena kuti funsolo silibwera pamayeso. Ayenera kumuŵerengera magawo onse aŵiri, ndi kumufotokozera za 1908, 1953 ndi 1962.