Mbiri ya Njinga ndi Fodya: Mmene Opalasa Anaphunzirira Kusunga Mpweya Wawo

Phunziro lathu la mbiri lero likukhudza zinthu ziwiri zimene nonse mumazidziwa, ndizo njinga ndi fodya. Tiona kumene zinachokera, mmene zinayendera limodzi kwa zaka zambiri, ndiponso chimene chinadzazilekanitsa.

Tiyambire pa msewu. Inu a ku Silverest, m'boma la Chongwe, mukalawira m'mawa ndi kuima m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East Road, mumaona azibambo akupalasa njinga kulowera ku Lusaka. Ambiri amakhala atamanga matumba a makala, amene m'tauni amati malasha, mpaka katunduyo kutalika kuposa mutu wa mwini njinga. Akafika pa chitunda amatsika nayamba kukankha, thukuta lili kamukamu. Tsono dzifunseni: galimoto imayenda ndi mafuta, ngolo imakokedwa ndi ng'ombe, nanga njinga imayenda ndi chiyani? Injini ya njinga ndiye munthu mwini wake, makamaka mtima ndi mapapo ake. Musaiwale mawu amenewa, pakuti nkhani yathu yonse yagona pomwepo.

Fodya ndi mbewu yochokera ku America. Amalonda a ku Ulaya, makamaka Apwitikizi, ndiwo anaifikitsa m'magombe a Africa, ndipo kuchokera kumeneko inafalikira kumtunda kuno. Makolo athu ankalima fodya pang'ono kuseri kwa nyumba, namasuta m'kaliwo kapena kumusinja kuti akhale wofwenkha. Ndudu za m'mapaketi zinali zisanadziwike, chifukwa ngakhale ku maiko a azungu ndudu zinkapichiridwa ndi manja, ndipo munthu waluso ankapanga zinayi zokha pa mphindi imodzi.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1880. M'chaka cha 1881 mnyamata wina wa ku Virginia, ku America, dzina lake James Bonsack, analembetsa ku boma makina opangira ndudu amene ankatulutsa ndudu 200 pa mphindi imodzi. Ndudu zinatsika mtengo, ndipo makampani anayamba kuzitsatsa ponseponse kuti apeze ozigula. Patangopita zaka zinayi, mu 1885, John Kemp Starley wa mumzinda wa Coventry ku England anapanga njinga yotchedwa Rover, yoyenda ndi tcheni, imene ndiyo kholo la njinga zathu za lero. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wokhala ku Belfast, anapanga thayala lopopa mpweya pofuna kuti kanjinga ka mwana wake kaziyenda mofewa. Mukuona tsono kuti njinga yamakono ndi ndudu ya m'fakitale zinabadwa pa nyengo imodzi, ngati ana a msinkhu umodzi m'mudzi.

Zonse ziwiri zinafika kwathu kuno m'nthawi ya atsamunda. Alimi achizungu anatsegula minda ya fodya kuzungulira Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata, ndipo anthu athu ambiri anakagwira ntchito m'mindamo. Njinga nayo inakhala chuma chosiririka. Mphunzitsi, mlaliki, mesenjala wa boma, kapena munthu wobwera kuchokera ku migodi, akagula njinga mudzi wonse unkabwera kudzaona. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, Kenneth Kaunda, asanakhale mtsogoleri wa dziko lino, anayendera midzi ya chigawo cha Kumpoto pa njinga polimbikitsa anthu kumenyera ufulu wawo. Iye sankasuta fodya, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 97. Bwalo la ndege limene lili pafupi ndi Silverest limatchedwa dzina lake. Dziko litalandira ufulu, ku Chipata kunamangidwa fakitale ya Luangwa Industries, imene inkapanga njinga za Eagle, ndipo agogo anu ambiri akuzikumbukira.

Tsono tiwolokere ku Ulaya, kumene njinga inasanduka masewera. Ku France, m'chaka cha 1903, kunayamba mpikisano waukulu wotchedwa Tour de France, umene opalasa amazungulira dzikolo kwa masabata angapo, kukwera mapiri ataliatali. Mpikisano wa 1926 unali wa makilomita 5,745, ndiye kuti ulendo wochoka ku Lusaka kufika ku Chipata pafupifupi kakhumi. Mungaganize kuti anthu oyenda mtunda wotere ankasamala chifuwa chawo koposa wina aliyense. Koma pali chithunzi chotchuka cha m'zaka za m'ma 1920 choonetsa opalasa a mpikisanowu ali pa njinga zawo, wina akuyatsira mnzake ndudu pakati pa ulendo. Ambiri masiku amenewo ankakhulupirira kuti utsi umatsegula mapapo munthu asanayambe kukwera phiri. Gino Bartali wa ku Italy, amene anapambana mpikisanowu mu 1938 ndi mu 1948, ankadziwika kuti ndi wosuta. Ngakhale Eddy Merckx wa ku Belgium, katswiri amene anapambana kasanu pakati pa 1969 ndi 1974, anaonekapo pa chithunzi chotsatsa ndudu.

Kodi anthu amenewa anali opusa? Iyayi. Iwo ankangotsata zimene anamva kwa anzawo. Fodya sapha tsiku lomwelo. Munthu amasuta ali mnyamata, matenda nadzamupeza patapita zaka 20 kapena 30, motero n'kovuta kuona kuti ichi ndicho chabala icho. Panafunika anthu oleza mtima, odziwa kuwerengera.

Anthuwo anapezeka ku London. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, madokotala a ku Britain anadabwa kuona kuti anthu omwalira ndi khansa ya m'mapapo akuchulukirachulukira. Akatswiri awiri, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anapatsidwa ntchito yofufuza chifukwa chake. Poyamba Doll ankaganizira utsi wa magalimoto kapena phula la m'misewu. Iwo anafunsa odwala m'zipatala za mu London za ntchito zawo, kumene ankakhala, ndi zizolowezi zawo. Zotsatira zake anazifalitsa mu 1950. Mwa amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo, awiri okha ndiwo anali osasuta. Doll mwiniwake anali wosuta. Ataona mmene manambala akuyendera, anasiya fodya kufufuzako kusanathe n'komwe, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2005, pamene anamwalira ali ndi zaka 92.

Anthu ambiri anakanabe kukhulupirira. Choncho mu 1951 akatswiri awiriwa analembera makalata madokotala a ku Britain, kuwafunsa ngati amasuta. Madokotala aamuna oposa 34,000 anayankha, ndipo moyo wawo unatsatidwa kwa zaka 50. Lipoti lomaliza, la mu 2004, linaonetsa kuti amene anasuta moyo wawo wonse anamwalira msanga ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi osasuta. Koma linaonetsanso chinthu china cholimbitsa mtima. Amene anasiya ali ndi zaka 30 anawombola pafupifupi zaka 10 zonsezo, osiya pa zaka 40 anawombola 9, osiya pa zaka 50 anawombola 6, ndipo ngakhale osiya pa zaka 60 anawombola zitatu. Ndiye kuti palibe munthu amene anganene kuti, "Ine ndakalamba, kusiya sikungandithandize."

Nanga utsi umachita chiyani m'chifuwa cha wopalasa? Minofu ya miyendo ikamagwira ntchito imafuna mpweya wabwino wotchedwa okosijeni. Mapapo amaukoka, magazi naunyamula, mtima nupopa magaziwo kuti afike ku miyendo. Mu utsi wa fodya muli mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya umenewu umamatirira ku magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200, motero umalanda malo ake. Zili ngati munthu wamanga thumba la miyala pa kaliyala pamalo pamene akanaika thumba la makala: kulemera n'komweko, koma phindu palibe. Mu utsimo mulinso nikotini, amene amafulumizitsa mtima ndi kufinya mitsempha ya magazi, ndipo ndiye amabweretsa chibaba. Chachitatu ndi phula lakuda limene limawononga timaubweya ting'onoting'ono tosesa fumbi m'njira za mpweya. Chotero utsi sutsegula mapapo monga ankaganizira akatswiri aja. Chimene wosuta amamva ngati mpumulo ndi chibaba chabe chimene chatonthola kwa kanthawi.

Choonadi chitadziwika, maboma anayamba kuchitapo kanthu, ngakhale mochedwa. Mu 1962 bungwe la madokotala la Royal College of Physicians ku London linalengeza poyera kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo mu 1964 mkulu wa zaumoyo wa dziko la America ananena chimodzimodzi. Mu 1991 dziko la France, kwawo kwa mpikisano uja, linakhazikitsa lamulo loletsa kutsatsa fodya ndi kulipirira masewera ndi dzina la fodya. Lero chithunzi cha opalasa oyatsirana ndudu chimangodabwitsa anthu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linapatula 31 May kukhala tsiku lokumbutsana za kuipa kwa fodya, ndipo mu 2003 maiko anagwirizana pangano lochepetsa kusuta. Zambia inalowa m'panganoli mu 2008, ndipo chaka chomwecho boma linaletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri. Malawi, dziko lodalira kwambiri ulimi wa fodya, linalowa mu 2023. Tikudziwa kuti m'chigawo cha Kum'mawa muli mabanja ambiri amene amalipirira ana sukulu ndi ndalama za fodya. Sitikuwanyoza ayi. Tikungonena zimene utsi umachita ukalowa m'chifuwa, ndipo WHO imati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse.

Tibwerere tsopano ku msewu wathu wa ku Silverest. Katswiri wa mpikisano ali ndi dokotala wake, ndipo akatopa amapuma. Bambo wonyamula makala alibe zonsezi. Chifuwa chake chimakumana kale ndi utsi wa pa uvuni pootcha makala, fumbi la makalawo, ndi utsi wa malole omudutsa pa msewu. Akawonjezapo ndudu, kapena balani wopichira m'pepala, ndiye kuti akusenzetsa mapapo ake mtolo wachinayi. Tsiku limene mpweya udzamuthera, njinga idzakhala chotsamira pa khoma, ndipo ana ake adzagona ndi njala. Kwa iye kusiya fodya ndi nkhani ya ufa m'nyumba.

Chosangalatsa n'chakuti thupi silisunga mangawa. Munthu akasiya kusuta, pakapita maola 12 mpweya wapoizoni uja umakhala utachepa m'magazi kufika pa mlingo wa munthu wosasuta. Pakati pa masabata awiri ndi miyezi itatu magazi amayamba kuyenda bwino, mapapo nayamba kulimba. Chikatha chaka, ngozi yodwala nthenda ya mtima imatsika ndi theka. Wopalasa amazindikira msanga kusinthaku kuposa munthu wa mu ofesi, chifukwa chitunda chimene ankatsikirapo chimamuuza chokha.

Kusiya sikophweka. Masiku oyamba munthu amapsa mtima msanga, tulo timavuta, ndipo chibaba chimabwera mwamphamvu, koma chimatha pakapita mphindi zochepa. Amene anapambana amalangiza kusankha tsiku, kutaya fodya yense wotsala, kuuza a m'banja ndi anzako a pa msewu, kumwa madzi chibaba chikafika, ndi kukafunsa malangizo ku chipatala. Ambiri amagwa kangapo asanasiyiretu, ndipo kugwa si kulephera. Ndani wa inu anaphunzira kupalasa njinga osagwako?

Ana inu, akuluakulu anati mmera m'poyamba. Osuta ambiri anayamba ali achinyamata, poyesa ndudu imodzi ya mnzawo. Njira yapafupi yosiyira fodya ndiyo kusamuyamba. Ngati kwanu atate, amalume kapena agogo amasuta, musawaseke kapena kuwachititsa manyazi. Afotokozereni mwaulemu nkhani ya Richard Doll, munthu wosuta amene anawerenga yekha manambala nataya ndudu zake.

Kwa inu aphunzitsi, nazi ntchito ziwiri zochita ndi ana. Yoyamba, ana agwire pa mkono ndi kuwerenga kugunda kwa mtima wawo kwa mphindi imodzi ali chikhalire, kenaka athamange kuzungulira bwalo la sukulu nawerengenso, ndipo mukambirane chifukwa chake manambala asiyana. Yachiwiri, lembani pa bolodi mtengo wa ndudu imodzi pa kantemba ka kwanuko. Ana awerengere ndalama zimene munthu wosuta ndudu zisanu pa tsiku amawononga pa masiku 365, ndipo apeze kuti ndalamazo zingagule matayala angati a njinga. Mayankho awo akawaonetse kunyumba.

Tsalani bwino nonse, mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.