Harvey Fuqua, mdala wonong'ona kumbuyo kwa Marvin Gaye

Ikani "Sexual Healing" ya Marvin Gaye, koma musathamangire kuvina. Mvetserani poyambira penipeni, Marvin akalibe kutsegula pakamwa. Pali munthu amene akunong'ona ngati akuutsa mnzake ku tulo. Ambiri amaganiza kuti ni Marvin yemweyo. Si iye. Ni Harvey Fuqua, mdala amene mu 1982 anali na zaka zoposa 50, ndipo 30 mwa zaka zimenezo anali atathera mu nyimbo, nthawi zambiri ataimirira kumbuyo kwa munthu wina.

Fuqua anabadwa pa 27 July 1929 ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky ku America. Wachibale wake, Charlie Fuqua, anali woimba gitala mu gulu lotchuka la Ink Spots. Harvey anakula pa nthawi imene anyamata achikuda m'matauni a ku America anali kusonkhana pa kona ya msewu kapena pa masitepe a nyumba na kuyamba kuimba popanda choimbira chilichonse. Ndalama za piyano na ng'oma zikanachokera kuti? Pakamwa ndiye panali bendi yonse. Wina atenga mawu a pansi, awiri kapena atatu apanga phokoso lopanda tanthauzo lomangirira nyimbo, ndipo mmodzi atsogolera. Phokoso lija la kumbuyo ndiye linabala dzina lakuti doo-wop. Amene anaimbapo mu kwaya tsiku limene magetsi apita, kibodi ili zii, adziwa mmene zimamvekera.

Atasamukira ku Cleveland, Fuqua anapanga gulu na mnzake wa ku Louisville, Bobby Lester, pamodzi na Prentiss Barnes. Anadzitcha Crazy Sounds. Mu tauniyo munali muulutsi wa pa wailesi, mzungu, dzina lake Alan Freed, amene anali kuliza nyimbo za anthu akuda pa nthawi imene mawailesi ambiri anali kuzikana. Pa wailesi anali kudzitcha Moondog, choncho atatenga anyamatawo anawasintha dzina kukhala Moonglows. Onani, dzina lenilenilo linali kale la bwana.

Mu 1954 analowa ku Chess Records ya ku Chicago na kutulutsa "Sincerely". Nyimboyo inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za R&B, koma pa mndandanda waukulu wa dziko lonse inathera pa nambala 20. Atsikana atatu achizungu a pa mimba imodzi, a McGuire Sisters, anaiimbanso, ndipo yawo ndiyo inakhala pa nambala 1. Pa mbale, pansi pa mutu wa nyimbo, panalembedwa olemba awiri: Fuqua na Freed.

Apa m'pofunika kuima pang'ono. Masiku amenewo, kuika dzina la muulutsi pakati pa olemba nyimbo inali njira ya kumulipira kuti aziiliza. Ndalama ya wolemba simatha tsiku limodzi, imabwera nthawi zonse pamene nyimbo yagulidwa kapena yaimbidwanso. Chuck Berry nayenso, ku Chess komweko, anapeza dzina la Freed pa "Maybellene", nyimbo imene Freed sanalembe. Ine sinimuona Freed ngati mbala chabe, chifukwa popanda iye anyamata a ku Cleveland mwina akanathera pa kona pomwepo. Koma mtengo wa chitseko chimene anatsegula unali gawo la nyimbo. Nkhani za ziphuphu za pa wailesi zitaphulika mu 1959, Freed anachotsedwa nchito, ndipo anamwalira mu 1965 ali wosauka.

Fuqua anaphunzirapo kanthu: woimba amadya zotsala, wolemba na mwini kampani amadya nyama. "Ten Commandments of Love" itatuluka mu 1958, gulu loyamba linapasuka. Iye anatenga anyamata a ku Washington otchedwa Marquees na kuwapatsa dzina la Moonglows. Pakati pawo panali mwana wa m'busa, wamanyazi, wosakwana zaka 20. Ameneyo ndiye Marvin Gaye.

Gulu latsopanolo silinakhalitse. Fuqua anaimbako nyimbo zingapo na Etta James, kenaka anapita ku Detroit, Marvin ali pambuyo pake. Kumeneko anakwatira Gwen Gordy, mlongo wake wa Berry Gordy mwini Motown, ndipo awiriwa anatsegula timakampani tawo, Tri-Phi na Harvey. Ndiko kunayambira a Spinners, amene nyimbo yawo "That's What Girls Are Made For" inagunda mu 1961, ndiponso Junior Walker woliza saksofoni. Koma kakampani kakang'ono kamavutika ngakhale nyimbo igunde: fakitale yodinda mbale ifuna ndalama lero, ogulitsa amalipira mochedwa. Mu 1963 zonse zinamezedwa na Motown. Chaka chomwecho Marvin anakwatira Anna Gordy, mkulu wake wa Gwen, ndipo mphunzitsi na wophunzira anakhala akamwini a khomo limodzi.

Ku Motown, Fuqua anayang'anira dipatimenti yokonza oimba. Mukaona mavidiyo akale a Temptations kapena Supremes, mapazi akuyendera pamodzi, zovala zili bwino, musaganize kuti anabadwa tero. Cholly Atkins anali kuwaphunzitsa kavinidwe, Maxine Powell kayendedwe na kakambidwe pamaso pa anthu, Maurice King kaimbidwe. Ana a m'makomboni a Detroit anali kulowa m'menemo na kutuluka okonzeka kuimba pa TV. Mu situdiyo, Fuqua na Johnny Bristol ndiwo anakonza "Ain't No Mountain High Enough" ya Marvin na Tammi Terrell mu 1967. Ndipo "Someday We'll Be Together", imene Diana Ross anatsazikira nayo gulu la Supremes mu 1969, inali nyimbo yakale ya ku Tri-Phi imene Fuqua analemba pamodzi na Bristol na Jackey Beavers. Ulendo uno dzina lake linali pamalo pake.

Atachoka ku Motown anakweza gulu la New Birth, kenaka anapeza Sylvester ku San Francisco na kumukonzera nyimbo za disco monga "You Make Me Feel (Mighty Real)" mu 1978. Gawo ili silikoma kulemba. Sylvester anadzamutengera kukhoti pa nkhani ya ndalama, ndipo khoti linapeza kuti Fuqua anamubisira madola oposa 200,000. Munthu amene anagawana nyimbo yake na muulutsi ali mnyamata, manje ndiye anali atakhala pa mpando wa bwana, woimba wina akulira.

Pofika 1981 Marvin anali atathawira ku Ostend, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Belgium, atapanikizika na nkhongole za msonkho na mankhwala osokoneza bongo. Atasiyana na Motown na kusaina ku CBS, Fuqua anapita ku Belgium kukathandiza kumaliza chimbale cha "Midnight Love". Ng'oma za "Sexual Healing" zinachokera mu makina a Roland TR-808, koma mawu a kumbuyo, osanjikizana bwinobwino, ni ukatswiri uja wa pa kona ya msewu. Nyimboyo inapatsa Marvin mphoto ziwiri za Grammy mu 1983, zoyamba pa moyo wake. Pa 1 April 1984 atate ake anamuwombera na mfuti ku Los Angeles.

Fuqua anakhalabe na moyo zaka zina 26. Mu 2000 analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame monga membala wa Moonglows, Bobby Lester atamwalira kale zaka 20 zapitazo. Iye anamwalira ku Detroit pa 6 July 2010, kutatsala milungu itatu kuti akwanitse zaka 81.