Ana anu anafikako ku Nkolimbo?

Abale am'tauni, tchuthi chikakwana mumangodutsa pa M1, liwiro la kunyanja. Tapatukiraniko ku Nkolimbo. Kumeneko kuli chiliza cha Inkosi Gomani Woyamba, amene asilikali a atsamunda anawagwira n'kuwawombera mu 1896 chifukwa chokana kugonjera boma la azungu.

Mwana wawo, Philip Gomani Wachiwiri, anatengera mtima womwewo. Mu 1953 anakana chitaganya, nauza anthu kuti asamvere malamulo okakamiza a malimidwe. Boma linawachotsa paufumu, ndipo anamwalira mu 1954.

Musadikire Umhlangano wokha ayi. Bwerani ndi ana, ayende wapansi, aone mapiri athuwa, afunse akuluakulu akadali moyo. Mbatata yowotcha ndikusungirani.